Dimba m'thanki ya nsomba: mmene zomera zimachotsera nitrate

Madzi a m'thanki ya nsomba amanama. Mutha kuwaona ali mbee, kamwala kalikonse ka pansi kakuoneka, sefa ikulira bwinobwino pakona, koma nsomba zikudya monyinyirika, mtundu wake ukuzilala, tiana tikutha tisanakwane mwezi, ndere nazo zikumera pagalasi ngati mwachita kuzifesa. Nthawi zambiri wolakwa alibe mtundu, alibe fungo. Dzina lake ndi nitrate.

Amene munagwirapo khasu mumamudziwa kale, kungoti mumakumana naye m'thumba. Mu feteleza wa CAN, uja wobereketsa chimanga, theka la nayitirojeni wake ndi nitrate. Chimene chimabiriwiritsa chimanga kumunda ndi chomwecho chimene chimaunjikana m'thanki n'kumafooketsa nsomba. Ndiye ngati nsomba zanu zikuthira feteleza m'madzi tsiku ndi tsiku, chanzeru n'kudzalamo mbewu yoti izimudya, inu n'kumakolola.

Gwero lake ndi chakudya chimene mumaponya m'madzi ndi dzanja lanu. Nsomba ikadya, imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zake zopumira, ndipo ndowe ndi zotsalira zikamaola zimawonjezera amoniya wina. Amoniya ndi poizoni woopsa. Mwamwayi mu sefa ndi pa timiyala mumakhala mabakiteriya, ena monga Nitrosomonas amene amamusandutsa nitrite, poizoni winanso, ndi ena monga Nitrospira amene amasandutsa nitrite kukhala nitrate. M'thanki yatsopano mabakiteriyawa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti akhazikike. Ntchito ya sefa wamba imathera pomwepo. Ambiri amaganiza kuti kugula sefa yaikulu kuthetsa vuto, koma sefa yabwino imangofulumiza kupanga nitrate, siimuchotsa. Ndi ngati wosesa amene amakokera zinyalala pakona ya nyumba: panjira payera, mulu ukukula.

Tiwerengetse pang'ono, chifukwa masamu ake amatsegula maso. Chakudya cha nsomba cha m'sitolo chimakhala ndi mapuloteni pafupifupi 40 pa 100 alionse, ndipo m'mapuloteni nayitirojeni amakhala pafupifupi 16 pa 100. Choncho galamu imodzi ya chakudya ili ndi mamiligalamu 64 a nayitirojeni, amene onse atasanduka nitrate angakwane mamiligalamu oposa 280. M'thanki ya malita 100, kudyetsa galamu imodzi patsiku kungawonjezere pafupifupi mamiligalamu 20 pa lita pa sabata. Wina amatsala m'thupi la nsomba zimene zikukula, koma wochuluka amathera m'madzi. Mwezi umodzi osasintha madzi, mwayandikira 80.

Nanga mlingo wabwino ndi uti? Amoniya ndi nitrite ayenera kukhala pa 0. Nitrate, oweta ambiri amayesetsa kuti asapitirire mamiligalamu 40 pa lita, ndipo kwa tiana ta nsomba ndi mitundu yosachedwa kudwala amafuna akhale pansi pa 20. Poyerekeza, bungwe la World Health Organization linaika malire a 50 pa madzi akumwa anthu. Mbuna zathu zimachokera m'nyanja ya Malawi imene madzi ake apamwamba ali ndi nitrate wochepa zedi, choncho kuzisunga m'madzi a 80 kapena 100 n'kuzizunza, ngakhale sizifa tsiku lomwelo.

Musanadzale kanthu, pimani. Timapepala toviika m'madzi timathandiza, koma mankhwala odontheza ndi odalirika kwambiri. Ngati muli ndi a kampani ya API, amene ndi ofala, botolo lachiwiri likhutchumuleni mwamphamvu masekondi 30, mukadontheza mukhutchumulenso kagalasi koyezerako mphindi imodzi, n'kudikira mphindi 5. Ufa wa m'botolo lachiwirilo umakhazikika pansi, ndipo wokhutchumula mwaulesi amapeza 5 pamene madzi ali ndi 60, n'kumagona tulo tabwino. Onaninso papepala ngati nambala ikunena NO3 kapena NO3-N. Ikakhala yachiwiriyi muchulukitse ndi 4.4. Pimaninso madzi amene mumathira. A pachitsime chimene chili pafupi ndi chimbudzi chokumba, khola kapena dimba lothiridwa feteleza amatha kubwera ndi nitrate wake kale.

Tsopano zomera. Apa ndi pamene anthu amataya ndalama, chifukwa amagula ndi maso. Anubias, chomera cha masamba olimba chochokera kumadzulo kwa Africa, n'chokongola ndipo sichifa wamba, koma chimatulutsa tsamba limodzi pakapita milungu. Java fern n'chimodzimodzi. Zimenezi ndi zokongoletsa. Pa nkhani ya nitrate ndi alendo odya pang'ono. Chomera chimachotsa nayitirojeni molingana ndi mmene chikukulira, basi. Chimene mukufuna ndi mbewu yadyera, yokula mopanda manyazi, yoti sabata iliyonse izikusowetsani mtendere.

Zadyera kwambiri ndi zimene mizu ili m'madzi koma masamba ali kunja. Chifukwa chake n'chakuti mpweya wa carbon dioxide, umene chomera chimamangira thupi lake, umayenda m'madzi pang'onopang'ono kuwirikiza pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mumlengalenga. Chomera chomira chimakhala ngati munthu wopuma kudzera m'kaudzu, pamene chotulukira kunja chimapuma momasuka. Diana Walstad, m'buku lake la 1999 lotchedwa Ecology of the Planted Aquarium, anafotokoza bwino mwayi umenewu, komanso mfundo ina yofunika: zomera zambiri za m'madzi zimakonda amoniya kuposa nitrate. Ndiye kuti zimalanda chakudya mabakiteriya asanachigwire, ndipo nitrate wina sapangidwa n'komwe.

Mwa zonse, ine ndimayamba ndi kholowa. Safuna ndalama, ali kuseri kwa nyumba, ndipo amamera mizu m'madzi sabata isanathe. Dulani nsonga za mbatata zotalika masentimita 25 kapena 30, zochokera pamalo amene simunapoperepo mankhwala. Thotholani masamba a m'munsi, mutsuke bwino, muviike mfundo ziwiri kapena zitatu m'madzi, masamba otsalawo alendewere kunja kwa thanki. Zidutswa 5 kapena 6 zikwanira thanki ya malita 100 poyambira. Ena amaviika mbatata yeniyeniyo theka, ndipo imaphukadi, koma ikayamba kuola imaononga madzi usiku umodzi. Nsonga zilibe ngozi imeneyo. Vuto la kholowa ndi limodzi: amafuna kuwala kwambiri. Thanki ikakhala pafupi ndi zenera, lolani masamba afike padzuwa, galasi la thanki likhale pamthunzi. Musamuphike ndiwo ngati munathirapo mankhwala a nsomba m'madzimo.

Pabalaza pamdima, gwiritsani ntchito duwa loyanga lija ambiri amalitcha money plant, ena pothos. Limapirira mthunzi, ngakhale limachedwa kuyamba: milungu 2 mpaka 4 kuti mizu yoyera ya m'madzi ituluke. Ngati mwalizula m'mphika, tsukani dothi lonse. Tsamba lake lisamire, limaola. Dziwani kuti masamba ake amayabwa m'kamwa ndi kutupitsa akatafunidwa, choncho liyangeni kumtunda kumene mwana wokwawa ndi mphaka sangafike.

Kaikidwe kake n'kosavuta. Dulani botolo la pulasitiki, muliboole timabowo tambiri, mulimangirire m'mphepete mwa thanki kuti theka limire, zidutswa zija muziikemo. Ngati sefa yanu ndi yokoloweka kumbuyo, tsegulani chivindikiro n'kuika mizu mmenemo, pamene madzi amadutsa nthawi zonse. Kungoti muzidulira mizu isanafike pa kampukutu ka injini.

Gulu lachiwiri ndi zoyandama. Duckweed, timasamba tating'ono ngati mapira tobiriwira, akapeza kuwala ndi chakudya amatha kuwirikiza kawiri m'masiku awiri kapena atatu. Palibe chomera chomuposa pa liwiro, ndipo palibenso chomuposa pa kukakamira: akalowa m'thanki, kumuchotsa yense ndi ntchito ya miyezi, amamatirira m'manja, mu ukonde, mu sefa. Amazon frogbit ndi water lettuce ali ndi masamba akulu, osavuta kuwola ndi dzanja, ndipo mizu yake yolendewera ndi pobisala tiana ta nsomba. Zoyandama zonse zimadana ndi zinthu ziwiri, madzi othovoka kwambiri pamwamba ndi madontho ogwa kuchokera pa chivindikiro. Siyani kampata kuti nthunzi izituluka.

Pa zoyandamazi ndinaphunzira mowawa. Chaka china ndinalekerera duckweed mpaka anatseka pamwamba ponse, ndikunyadira kuti nitrate watsika. Usiku wina magetsi anazima cha m'ma 9 koloko, sefa n'kuima. Mmawa ndinapeza nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, zikulimbana ndi timasamba kuti zipeze mpweya, ziwiri zazikulu zitagona chammbali pansi. Masana zomera zimatulutsa okosijeni, koma usiku zimapuma ngati nsomba, ndipo chophimba chobiriwiracho chimatseka pamene mpweya umalowera m'madzi. Kuyambira pamenepo gawo limodzi mwa magawo atatu a pamwamba limakhala poyera. Ndimalumikiza kapaipi ka mpweya kukhala mkombero woyandama, zomera kunja, mkati poyera, ndipo ndi momwemo mmene ndimaponyera chakudya. Kumene magetsi amazimazima, kapampu ka mpweya ka mabatire n'kofunika kuposa chokongoletsa chilichonse. Kakasowa, tungani madzi a m'thankimo ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba kangapo pa ola.

Zomira m'madzi zothandiza ndi ziwiri, ndipo zonse zimamera m'nyanja ya Malawi momwemo, m'malo osaya a mchenga ndi matope. Vallisneria ali ngati udzu wautali wa masamba a riboni. Hornwort ali ngati mchira wa gologolo, alibe mizu, mumangomuponya m'madzi. Ubwino wake ndi wakuti zonse zimatha kutenga kaboni m'madzi olimba a pH ya pafupifupi 8, amene mbuna zimafuna koma zomera zambiri za m'sitolo zimalephera. Podzala vallisneria kwirirani mizu yokha. Pamene masamba akumana ndi mizu pakhale pamtunda, mukapakwirira amaola. Masamba akale akasungunuka sabata yoyamba musataye mtima, ingowachotsani. Akagwira amatumiza mphukira pansi pa mchenga ngati kapinga. Hornwort akakwiya, kaya ndi mankhwala okhala ndi kopa kapena kusintha kwadzidzidzi kwa madzi, amayoyola timasamba take tonse, ndipo muyenera kutikoka ndi paipi tisanaole. Mcherenso, umene ena amathira m'thanki mwachizolowezi, umafooketsa zomera zambiri.

Tsono pali nsomba zina zimene dimba zimaliona ngati phwando. Mbuna m'nyanja zimakhalira kupala ndere pamiyala, ndipo m'thanki zimakumba mchenga usana ndi usiku. Mudzadzala madzulo, mmawa n'kupeza vallisneria akuyandama. Mudzaleni m'timiphika tadothi, pamwamba muunjikepo miyala yoti nsomba singasunthe. Goldfish ndi ana a chambo amameza duckweed ngati ndiwo. Izi sizoipa kwa nsombazo, koma musadzinamize: chomera chodyedwa m'thanki sichinachotse kanthu, nayitirojeni wangozungulira n'kubwerera m'madzi. Kwa nsomba zoterezi njira ndi ya botolo lija, mizu yotetezedwa, masamba kunja.

Zimenezi zikutifikitsa pa mfundo imene ambiri amaiphonya. Chomera sichiononga nitrate, chimangomusunga m'thupi mwake. Tsamba likafota n'kuolera m'madzi, zonse zimene linadya zimabwerera. Nitrate amachoka m'nyumba mwanu tsiku limene mwatulutsa chomeracho ndi dzanja. Choncho sankhani tsiku limodzi pa sabata lokolola. Wolani theka la zoyandama, dulani hornwort mutaye mbali yakale ya m'munsi, kholowa mutsine nsonga kuti aphuke nthambi, masamba achikasu onse atuluke. Magalamu 100 a duckweed wokhetsedwa madzi amatuluka ndi nayitirojeni wofanana ndi galamu imodzi ya nitrate kapena kuposerapo pang'ono, kutanthauza mamiligalamu 10 pa lita m'thanki ya malita 100. Yerekezani ndi 20 uja wa pa sabata, muona kukula kwa zokolola zimene zikufunika. Kupatulira kumathandizanso kuti zotsalazo zikule msanga, monga chimanga chikachepetsedwa paphando. Zoyandama zikathithikana zimaima kukula, ndipo zikaima kukula zaleka ntchito.

Kuwala kukhale maola 8 patsiku poyamba, ndi nyale yoyera ya LED. Ndere zikachuluka, chepetsani kufika 6. Zomera zikaoneka zofooka, onjezerani mpaka 10, osapitirira. Kusiya nyale usiku wonse sikufulumiza kanthu koma ndere. M'miyezi ya June ndi July, thanki yopanda chotenthetsera ikazizira, zomera zimachita ulesi, ndiye musadabwe nambala ikakwera.

Pakapita miyezi mudzaona zomera zikudandaula ngakhale nitrate alipo. Masamba atsopano otuwa ndi chizindikiro cha kusowa ayironi; timabowo pa masamba akale nthawi zambiri ndi potaziyamu. Chakudya cha nsomba chimapereka nayitirojeni ndi fosifolasi wokwanira koma ziwirizi zimaperewera, ndipo chomera chosowa chimodzi chimaleka kudya zina zonse. Gulani feteleza wa zomera za m'thanki wopanda nayitirojeni. Wa kumunda, kaya Urea kaya NPK, asayandikire: mukhala mukuthira amoniya ndi dzanja lanu. Nthawi zina zimatembenuka, zomera n'kudya nitrate mpaka 0. Pamenepo masamba akale amachita chikasu, ndipo pamchenga pamatha kuyala utoto woterera wobiriwira modera, wonunkha chithaphwi. Chepetsani zomera, mulole nambala ikhale pakati pa 5 ndi 20.

Kodi ndiye kusintha madzi kwatha? Ayi. Zomera zimatalikitsa nthawi, sizichotsa ndowa m'manja mwanu, chifukwa m'madzi mumaunjikana zinanso zimene sizidya, ndipo michere imene imagwira pH kuti isagwe imatha. M'thanki ya malita 100, kuchotsa ndowa imodzi ya malita 20 n'kuthira madzi opanda nitrate kumatsitsa 80 kufika 64. Madzi othirawo akakhala ndi 30, mutsikira pa 70 pokha. Ngati thanki yakhala miyezi osasinthidwa, musakhuthule theka tsiku limodzi. Nsomba zazolowera madzi oipawo ndipo kusintha kwadzidzidzi kumazipha. Chotsani ndowa imodzi, mudumphe tsiku, muchotsenso ina, mpaka nambala itsike pansi pa 40, kenako zomera zigwire pamenepo. Madzi a pampopi muwathire mankhwala ochotsa klorini, kapena agone m'ndowa yosavindikira tsiku lathunthu. Pokoka madzi akale lowetsani paipi m'timiyala kuti ndowe zituluke, ndipo madziwo musataye: mpiru ndi tomato amawakonda. Thonje la mu sefa mulitsukire m'madzi omwewo, osati pampopi, kuti mabakiteriya asafe.

Lembani nambala m'kope sabata iliyonse, tsiku lomwelo, musanasinthe madzi. Musayembekeze chozizwitsa sabata yoyamba. Zomera zimafuna milungu 3 kapena 4 kuti zikhazikike. Ngati mwezi ndi theka wadutsa, zomera zikukula, koma nambala ikukwerabe ndi 20 pa sabata, vuto si zomera. Nsomba zachuluka kapena dzanja lanu ndi lolemera. Perekani chakudya chimene zingamalize m'mphindi ziwiri, ndipo nsomba zazikulu kuzimana tsiku limodzi pa sabata sikuzipweteka.

Amene muli pafupi ndi nyanja kapena dambo mudzafuna kukazula nokha. Zimatheka, koma osati m'dera la Lake Malawi National Park, kumene zachilengedwe n'zotetezedwa, ndipo osati molunjika kulowetsa m'thanki. Zomera za kutchire zimabwera ndi misundu, ana a tombolombo amene amagwira tiana ta nsomba, komanso nkhono, zina mwa izo zofalitsa likodzo. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja pozitola, muzitsuke, muziike m'beseni lapadera pamalo owala kwa milungu 3, mukusintha madzi ndi kuchotsa nkhono iliyonse ndi timazira take tooneka ngati mamina pansi pa masamba.

Namasupuni musamutenge n'komwe. Amadyadi nitrate mwaukali, koma m'nyumba sachita bwino chifukwa amafuna dzuwa lenileni, ndipo mbiri yake tonse tikuidziwa. Anachokera ku South America ngati duwa lokongola, lero ali mu mtsinje wa Shire, pakati pa zomera zimene zimayoyoledwa pa Liwonde kuti zisakatseke makina opangira magetsi ku Nkula. Ku Kariba, kachomera koyandama kotchedwa Salvinia kanaphimba pafupifupi masikweya kilomita 1,000 a nyanjayo pofika 1962. Ku South Africa lamulo limaletsa kusunga kapena kugulitsa namasupuni, Salvinia ameneyu ndi water lettuce, choncho amene muli ku Johannesburg kapena Cape Town khalani pa kholowa ndi money plant.

Zokolola zanu za sabata iliyonse zisalowe mu ngalande, mu sinki kapena mumtsinje, ngakhale kachidutswa. Duckweed wa m'thanki yopanda mankhwala mupatse nkhuku ndi abakha, amamulimbirana. Zina zonse muziyanike pa lata padzuwa masiku 3 kapena 4 mpaka zizithetheka mukazifinya, kenako muzikwirire pa mulu wa kompositi.